Dzina Lako Lakana Kufufutika

Kalabu ya Alimi a Mpunga,
Domasi,
Zomba.
Lachinayi masana.

Kwa mwana wanga Tiyamike,

MUTU: DZINA LAKO M'KAUNDULA NDI PULOTI YA MALEMU AMAYI AKO

Ine bambo ako, mwini dzina lili m'munsimu, ndalemba kalata ino potsatira pempho limene unandipatsa Lolemba lapitali. Unapempha kuti ndifufute dzina lako m'kaundula wa kalabu yathu, ndipo puloti ya mpunga imene anakusiyira amayi ako ndiipereke kwa amalume ako a Bonifesi, poona kuti mawa ukunyamuka ulendo wa sukulu ku India ndipo tsiku lobwera sukulidziwa. Ndikukudziwitsa kuti pempholo ndinalilandira, koma mpaka pano silinatheke. Zifukwa zake ndizifotokoza mwadongosolo, ndipo ndikupempha kuti uwerenge mpaka kumapeto usanakwiye.

Ukhululuke kalembedwe. Ukudziwa kuti sukulu ndinalekezera Sitandade 5, ndipo kulemba ndinaphunzira zaka zimene ndinali mesenjala ku Zomba, pamene ndinkanyamula makalata a maofesi pa njinga ndi kuwerenga amene anali osamata. Kalata ya kholo kwa mwana sindinanyamulepo, choncho sindidziwa mmene imayambira. Ndayamba mmene ndikudziwira.

Ndikulemba ndili mu ofesi ya kalabu, chitseko chili chotsegula, phiri likuoneka bwino lero. Iwe wapita ku Naisi kukatsanzika kwa amayi ako aakulu. Ndikadatha kukuuza zonsezi pakamwa, koma masiku anayi ano ndikati nditsegule pakamwa, ndimakupeza ukupinda zovala ukuimba, ndipo ndimangofunsa ngati wadya.

Uyenera kukumbukira mmene kaundula ameneyu anabadwira. Kale ndinkalemba m'makope awiri a chikuto cholimba, lina la alimi, lina la mapuloti. Chiswe chitadya theka la kope la mapuloti, iwe uli chaka chachiwiri ku koleji, unati, "Ababa, zimenezi zatha, ndikupangirani kaundula wa m'foni." Ine ndinakana, ndinati kuno netiweki imabwera ngati mlendo. Unandiyankha kuti detabesi, ndiye kuti nkhokwe ya mayina ndi manambala, imene ugwiritse ntchito ndi yaing'ono ndi yopepuka, imakhala m'kati mwa foni momwemo, siidikira netiweki, ndipo kaundula yense ndi kafayilo kamodzi. Unandipatsanso ulemu posunga dongosolo langa la mabuku awiri. M'buku la alimi munthu aliyense ali ndi nambala yake, chifukwa a Saidi okha m'kalabu muno alipo anayi. M'buku la mapuloti simulembedwa dzina la mwini, mumalembedwa nambala yake yokha, ndipo nambalayo ndiyo chingwe chimene chimamanga munda kwa munthu. Tsiku la madzi likafika, foni imatsata chingwecho n'kupeza mwini puloti, ine n'kumutumizira uthenga kuti akaime pa geti la ngalande. Lamulo la kalabu ukulidziwa: mwini akapanda kubwera kapena kutuma munthu, madzi amapita kwa wina.

Cholakwa changa chachikulu chinachitika pa maliro a Che Amidu. Iwo ndiwo anali omaliza kulowa m'kalabu nthawi imeneyo, nambala 86, ndipo puloti yawo inali kumathero kwa ngalande, kumene madzi amafika atatopa. Atamwalira tinawaika tsiku lomwelo monga mwa mwambo wa Asilamu, ndipo m'mawa mwake ine ndinatsegula foni. Ndinaona kuti si ulemu kuti dzina la munthu amene wagona liziitanidwa pa msonkhano ngati wajomba. Ndinadina pofufutira. Foni sinandifunse kanthu. Dzina linachoka mwakachetechete, ndipo ine ndinadziona ngati mlembi waukhondo. Sindinaganizire za puloti yawo, imene inatsala m'buku lina ikulozabe nambala 86, pamene pa 86 panalibenso munthu.

Patapita sabata imodzi kunabwera bambo wina wa ku Naisi, a Matiki, kudzalembetsa kuti azidikira puloti ikadzapezeka. Ndinawalemba. Foni inayang'ana nambala yomaliza m'buku, inapeza 85, ndipo inawapatsa 86. Pomwepo chingwe cha munda wa Che Amidu chinagwira munthu amene mundawo sanauonepo. Uthenga wa madzi unapita kwa a Matiki katatu. Iwo anangoti mlembi wasokoneza, poti munda analibe, ndipo sanayankhe. Mkazi wa malemu, Abiti Jafali, anali m'nyumba pa masiku awo a chisoni, amene mkazi wachisilamu satuluka miyezi inayi ndi masiku khumi. Foni ya malemu inali pambali pawo, ndipo ankadikira uthenga wanga kuti aitane mkamwini wawo kuchokera ku Liwonde adzaime pa geti. Unali mpunga wa chilimwe, utangoyamba kutulutsa ngala. Alimi oyandikana nawo anaona ndithu, koma madzi owonjezera satsegula pakamwa pa munthu.

Masiku awo atakwana, Abiti Jafali anabwera mu ofesi muno. Anamasula pangodya pa chitenje n'kuika patebulo lino ngala zouma, zoyera mbuu, zopanda ndi njere imodzi.

"A mlembi, ndabweretsa zokolola kuti mulembe."

Ndinayang'ana ngalazo, ndipo iwo anapitiriza.

"Amuna anga tinawaika ife kumanda, ndi mapemphero. Inu mwawaikanso kachiwiri m'foni mwanumo, popanda ndi pemphero lomwe. Nanga munda munauika manda ati?"

Mwana wanga, kumene ukupitako udzapatsidwa makaundula aakulu, a anthu amene nkhope zawo sudzaziona. Usanachotse dzina la munthu, uziyamba wafunsa kuti pa dzinali pakoloweka chiyani. Ngala zija ndinazisunga, zili mu envelopu mu dirowa muno mpaka lero.

Unabwera pa holide nkhaniyi ili mkamwamkamwa. Unakhala pa mpando umene ndakhalapo panowu, laputopu pamiyendo, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, osakhudza ndi chinangwa chomwe chimene ndinakuwotchera. Kenako unadzutsa mutu.

"Ababa, mlandu uwu ndi wanga."

"Wafufuta ndi ine," ndinatero.

"Inu mwafufuta, koma foni inayenera kukukanizani. Lamulo ndinalemba ndithu, lakuti nambala iliyonse ya mwini puloti izipezeka m'buku la alimi. Taonani apa. Koma detabesi imeneyi ili ndi khalidwe lake. Lamulo lotere imangolisunga osalitsata, pokhapokha munthu ayiuze kuti tsatira. Zili ngati mlonda amene walembedwa ntchito, yunifolomu wavala, koma wagona m'kanyumba kake."

"Ndiye timuchotse ntchito."

Unaseka. "Ameneyu sachotsedwa, amadzutsidwa. Komanso sadzuka kamodzi n'kukhala maso mpaka kalekale. Nthawi iliyonse pulogalamu ikatsegula kaundula, iye amakhala ali m'tulo. Pafunika kumudzutsa potsegula paliponse."

Unalemba mawu omudzutsira pa kapepala n'kukamata pakhoma, ndipo kakadalipo, ngakhale kafiira ndi fumbi. Kuwatchula sinditha, koma ndawakopera chilembo ndi chilembo: PRAGMA foreign_keys = ON. Mawu omwewo unawaika pakhomo penipeni pa pulogalamu, kuti foni iziwanena yokha nthawi iliyonse ikamatsegula buku, ine ndisavutike. Unakonzanso kuti nambala ya munthu amene wachoka isadzapatsidwenso kwa wina. Chimene chinandikondweretsa si nzeru zakozo ayi, koma kuti unanena wekha kuti mlandu ndi wako, pamene ine ndinali nditausenza kale ndipo palibe akadadziwa. Khalidwe limenelo upite nalo. Nyengo yotsatira tinapita tonse awiri kukawokera mpunga pa puloti ya Abiti Jafali, ndipo iwo ataima pa mzere anati, "Mwana wa makompyuta ameneyu, mizere yake ikupita ku Malosa." Unaseka mpaka kukhala pansi m'matope. Tsiku limenelo ndimalikumbuka kawirikawiri. Usaiwale kudzutsa mlonda.

Tsiku lomwe lija la kapepala unandifunsa funso, ndipo ndikufuna ulikumbukire bwino chifukwa likukhudza mutu wa kalata ino. Unati, "Ababa, munthu akafuna kufufuta dzina limene lili ndi munda, mlonda azitani? Njira zilipo zitatu. Atha kulola dzina lipite pamodzi ndi munda wake, zonse zichoke m'buku. Atha kulola dzina lipite, munda utsale wopanda mwini. Kapena atha kukana." Ine ndinati munda suchoka padziko chifukwa choti munthu wachoka, ndipo munda wopanda mwini ndi mlandu umene ukudikira tsiku. Ndinati akane. Iwe unati, "Mwasankha wouma mutu ngati inu nomwe." Ndipo unalemba momwemo.

Cholakwa china ndinachita sabata yomweyo. Ndinaima pa msonkhano wa komiti, jekete nditavala, n'kulengeza kuti kuyambira lero kaundula wathu ndi woyera, mulibenso vuto. Pobwerera kunyumba unandiyenda pambali n'kunena chapansipansi kuti, "Ababa, mwafulumira. Mlonda amaona okhawo amene akulowa iye atadzuka. Amene analowa ali m'tulo akadali m'katimo." Unalamula foni kuti ifufuze mwapadera zingwe zonse zakale, ndipo inatulutsa mapuloti ena asanu amene ankaloza manambala opanda anthu. Onse asanu linali dzanja langa. Ndinapalasa njinga masiku atatu kufunafuna eni ake, wina mpaka ku Songani, wina kuseri kwa mishoni, kumene ndinapeza mwana wa mlimi wina womwalira akulima munda umene m'buku mwathu unalibe mwini, iye osadziwa kuti tsiku lina akadalandidwa. Ndinabwereranso ku komiti, wopanda jekete, kukabweza mawu anga. Choncho ukadzasintha khalidwe pa chinthu chilichonse, usadzaganize kuti zakale zakonzeka zokha. Zakale zimafuna kupalasira njinga.

Uziseka ndithu ukamawerenga ichi, ndakuloleza. Chaka chimene tinatsegula malo atsopano kufupi ndi mtsinje, ndinayeza puloti ndi chingwe, ndinabwera mu ofesi kuti ndiilembe, ndipo pa malo a mwini ndinaikapo nambala imene ndinkaganiza kuti ndidzampatsa munthu wake akabwera mawa. Foni inakana. Ndinayesanso, inakana. Ndinakwera minibasi mpaka ku Zomba kwa wokonza mafoni. Iye anaitsegula, anauziramo mpweya, anaipukuta ndi kaburashi, anaitseka, ndipo inakanabe. Pamenepo ndi pamene ndinakuimbira pa foni ya wokonzayo. Unaseka mokweza moti ndi iye yemwe anamva. "Ababa, foni ili bwinobwino, ndi mlonda uja ali pa ntchito. Yambani mwalemba munthu, munda ubwere pambuyo." Wokonza uja anati, "Madala, mwanayu ndi wanu? Ndiye kuno mwadzatani?" Ndinabwerera pa minibasi ndili ndi manyazi, koma m'katimu ndinkanyada. Ukafika kumeneko uyambe ndi anthu, zinthu zibwere pambuyo. Usanagule ketulo, udziwe dzina la amene akugona chipinda choyandikana nawe. Ukadzadwala, ketulo sidzagogoda pakhomo.

Tsopano ndafika pa ndime imene yandivuta, ndipo cholembera ndachiika pansi kawiri. Unandiuzapo kuti mawu odzutsira mlonda sagwira ntchito akanenedwa ntchito yolemba ili pakati. Unati detabesi imangowamva n'kukhala chete, osakuuza n'komwe kuti sanagwire, ndipo munthu umapitiriza ukuganiza kuti uli ndi mlonda. Ayenera kunenedwa poyambirira, usanayambe chilichonse. Iwe unkanena za foni, koma ine usiku wake sindinadye, chifukwa unali utanena mbiri yanga osadziwa.

Ine kuno si kwathu. Ndinachoka ku Phalombe n'kudzakwatira amayi ako, ndipo nyumba ndinamanga pa malo a kwawo monga mkamwini aliyense. Koma ndinali mkamwini wodzimva. Chifukwa chonyamula makalata a maofesi ndinkadziona ngati ndine ofesiyo. Amalume ako akamalima, ine ndinkadutsa pa njinga n'kungoimba belu. Maliro a kuchikazi ndinkafika mochedwa n'kuchoka msanga, ati ntchito. Amayi ako ankandiuza kuti, "Bambo a Tiya, chibale n'kuyenderana," ine n'kumati chibale chinalembedwa kale ku tchalitchi tsiku la ukwati. Chinalembedwadi. Koma sindinkachidzutsa.

Amayi ako atayamba kudwala ndi pamene ndinayamba kuyenda m'makomo mwa abale awo, shuga m'manja. A Bonifesi anandilandira pakhonde, anandipatsa mpando, ndipo anati, "Alamu, lero njira mwaidziwa?" Anatithandiza ndithu kunyamula odwala, ndipo pa maliro anagwira ntchito yonse. Koma zimene ndinkayesa kumanga pakati pa mavuto sizinagwire, ndipo palibe anandiuza kuti sizinagwire.

Miyezi ya chisoni itatha, abale anakhala pansi kuti andisudzule monga mwa mwambo, ndibwerere kwathu. Iwe unali Folomu 2 ku sukulu yogonera konko, ndipo sunaitanidwe. Ambiri anati apite, ntchito yake kuno yatha. Amene anaima ndi amayi ako aakulu, omwewo amene wapita kukawatsanzika lerowa. Iwo anati, "Puloti ya malemu yalembedwa mwana. Mwana ali pa sukulu. Bambo wake akhale, azilima m'malo mwake ndi kusunga nyumba, mpaka mwanayo adzanene yekha." Pomaliza a Bonifesi anavomera, anati, "Mpaka mwanayo adzanene yekha." Nkhani inathera pomwepo. Sindinakuuze chifukwa ndinkafuna uphunzire ndi mutu wopepuka, ndipo pambuyo pake ndinachita manyazi kuti mwana wanga adziwe kuti bambo ake akukhala pamudzi chifukwa cha dzina lake.

Mwana uja wanena Lolemba.

Sindikukuimba mlandu. Unanena ndi mtima wabwino, unati, "Ababa, mwakula, msana ukukuvutani, mupume. Amalume ali ndi ana ambiri, alime iwo." Sunkadziwa kuti munda ukachoka pa nambala yako, ine ndilibenso chondimanga pamudzi pano. Palibe adzandithamangitse ndi ndodo. Adzangobwera mwaulemu tsiku lina, adzakhala pakhonde, adzandithokoza chifukwa cholera mwana mpaka wakwera ndege, ndipo ine ndidzamva. Ku Phalombe nyumba ya makolo anga inagwa kalekale, ndipo amene akulima pamenepo amandidziwa dzina lokha.

Ndikuuze zimene ndingasiye, kuti uziyeze wekha. Pali mtengo wa mango umene amayi ako anadzala chaka chimene unabadwa, umene iwe unagwamo n'kuchita chipsera cha pachibwano. Pali manda awo, amene ndimalambula Loweruka loyamba la mwezi uliwonse. Pali puloti imeneyi. Ndikamawokera m'mawa, nkhungu isanachoke m'chigwa, ndimayambira kumadzulo chifukwa iwo ankayambira kum'mawa, ndipo tinkakumana pakati. Mpaka lero ndikafika pakati ndimaweramuka. Pa chulu cha pangodya ndi pamene unkaima iwe ndi chitini chako cha miyala kuingitsa mbalame, ukukuwa kuti, "Chokani, mpunga wa amayi!" Mbalame zinkakuopa kuposa ine. Kuyambira mawa nyumba idzakhala ndi munthu mmodzi, ndipo zimenezo ndazivomera, chifukwa sindinakulere kuti ukhale pakhonde. Koma ndikufuna kuti ukadzabwera, kaya patapita zaka ziwiri kaya khumi, udzatsike minibasi pa siteji, udzatsate kanjira ka m'mphepete mwa ngalande, ndipo udzapeze utsi pa nyumba ya amayi ako.

Ngakhale zili choncho, mawu ako ndinawamvera. Lero m'mawa ndinatsegula foni, ndinapita pa buku la alimi, ndinapeza nambala 23, Tiyamike Makwinja. Ndinadina pofufutira. Panatuluka mawu amene unalemba iwe mwini m'Chichewa kuti ine ndizimva: "Sizitheka. Munthu uyu ali ndi munda." Ndinadina kachiwiri, mawu omwewo. Ndinatseka pulogalamu n'kuitsegulanso, ndikuganiza kuti mwina lero lokha mlonda aiwala kudzuka. Sanaiwale. Unamupanga bwino.

Sindikunamiza kuti njira sindikuidziwa. Unandiphunzitsa wekha. Ndiyenera kuyamba ndi buku la mapuloti, kuchotsa 23 n'kuikapo 11, nambala ya amalume ako, kenako n'kubwerera ku buku la alimi, ndipo dzina lako lidzachoka popanda wokana. Ndi kudina kuwiri kokha. Ndinatsegula buku la mapuloti, ndinaika chala pa 23, ndipo ndinakhala choncho mpaka foni inazima yokha. Apa sindinganamizire mlonda. Amene wakana ndi ine.

Potero ndikupereka pempho langa motere. Malamulo a kalabu amalola mwini puloti amene ali kutali kusunga munda wake, ngati wa m'nyumba mwake akuulima, ndiponso ngati mwiniyo alankhula yekha ndi wapampando kumayambiriro kwa nyengo iliyonse kutsimikiza kuti mundawo akuufunabe. Kunena kamodzi sikukwana. Nyengo ya dzinja uyenera kuimba, ya chilimwe uyenera kuimbanso, ndipo ukadzaphonya, komiti ili ndi ufulu wopereka puloti kwa wina. Lamulo limeneli ndinalilemba ndi dzanja langa zaka zapitazo, osadziwa kuti ndikudzilembera ndekha. Ndikudziwa kuti kumeneko udzatanganidwa, nthawi yawo ndi yathu sizifanana, ndipo mpunga wa ku Domasi udzaoneka chinthu chaching'ono pakati pa nyumba zosanja. N'chifukwa chake ndikubwereza: usaiwale kudzutsa mlonda. Uchite monga unachitira ndi pulogalamu ija, uike chikumbutso pakhomo penipeni, pamene sungadutse osachiona.

Za amalume ako usawaganizire zoipa. Ana ali nawo ambiri ndithu, ndipo munda wa mlongo wawo ali ndi chifukwa chouyang'anira. Zaka zino ndimapita kukawathandiza kupuntha mpunga, ndipo belu la njinga ndinasiya kuimba, ndimatsika. Dzulo ndinawapeza akukonza khasu, ndinawauza za pempho lako ndi zonse zimene zili kumtima kwanga. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula. Kenako anati, "Alamu, mawu aja sanasinthe. Mwanayo anene yekha. Koma anene akudziwa." Ndiye chifukwa chake kalata ino. Ukadzaimba kwa wapampando, uziimbanso kwa iwo ndi kwa amayi ako aakulu, osati pa nthawi ya mavuto yokha. Usadzatengere bambo ako.

Za msana usadandaule. Umapweteka m'mawa, koma ukalowa m'madzi umaiwala. Tsiku limene ndidzalephere kuwerama ndidzakulembera ndekha kalata ina yokhala ndi mutu wake.

M'thumba la m'mbali mwa chikwama chako ndaikamo mpunga wa mtundu wa faya pang'ono, wa pa puloti yomweyi. Akakulanda pa bwalo la ndege usakangane nawo, ali pa ntchito ngati mlonda wathu. Akakulola, usaphike wonse tsiku limodzi. Kalata ino ndiika pansi pa pasipoti, kuti uipeze utadutsa kale Zomba. Mawa pa siteji sindidzanena kanthu za nkhaniyi, ndidzangonyamula chikwama, ndipo ukadzaona ndikuyang'ana kuphiri usadzandifunse.

Ukawerenga zonsezi n'kuona kuti maganizo ako sanasinthe, undiuze mosaopa. Ndidzasamutsa puloti, ndidzafufuta dzina, ndidzatsanzika bwino pamudzi, ndipo sindidzakusungira kanthu kumtima. Munda ndi wako, unachokera kwa amayi ako, ndipo ine ndine mlembi chabe. Chimodzi chokha udziwe, chimene unakonza iwe mwini: 23 ikachoka m'buku, foni siidzaiperekanso kwa munthu wina aliyense, ngakhale kwa iwe.

Mbewu ndaviika kale m'ndowa lero m'mawa, ndisanabwere ku ofesi. Pofika Lamlungu idzakhala itatulutsa timizu, ndipo siingadikire kupitirira pamenepo. Iwe Lamlungu udzakhala utafika. Foni idzakhala m'thumba la malaya, ndipo ku tchalitchi ndidzakhala mpando wa kufupi ndi khomo. Ndidzathokoza kwambiri pempho langa likaganiziridwa, kuti ndidziwe ngati mbewuyi ndikafese pa nazale ya nambala 23.

Ine bambo ako,
Layisoni Makwinja,
Mlembi wa Kalabu.